A John Tembo ndi mlandu wa Gawo 65

Ku Dedza mukangoti "Puludzu" kapena "JZU", simufunikanso kufotokoza kuti mukunena yani. Malemu a John Zenus Ungapake Tembo, omwe adabadwa mu 1932 ndi kumwalira pa 27 September 2023, adayamba kuimira anthu a boma lino pa chisankho cha 1961, dziko likutchedwabe Nyasaland. Adali mphunzitsi asanalowe ndale. Nduna zitagalukira a Kamuzu Banda mu 1964, iwo adatsala kumbali ya Ngwazi, nakhala nduna ya zachuma. Kuyambira 1971 mpaka 1984 adali gavanala wa Reserve Bank, ndipo akuluakulu amakumbukira siginecha yawo pa ndalama zapepala zomwe ankalandira akagulitsa mbewu ku ADMARC.

Mbiri yawo ili ndi chipsera chomwe sitingachibise. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, komanso phungu a David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza. Mu 1995 a Tembo adazengedwa mlandu wa imfazi pamodzi ndi a Kamuzu, khothi lidawapeza osalakwa, koma mabanja a anayiwo sadapeze mtendere, ndipo Amalawi ambiri dzina la a Tembo ankalitchula monong'ona.

Komabe ine ndimaona kuti ntchito yawo yaikulu adaigwira ali okalamba, atakhala ku mipando yotsutsa boma monga phungu wa Dedza South. Pa chisankho cha 2004 adagonja kwa a Bingu wa Mutharika, koma chipani chawo cha MCP chidapeza aphungu ambiri kuposa chipani china chilichonse. Mu 2005 a Mutharika adachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu adayamba kukhamukira ku boma, kusiya zipani zomwe zidawalowetsa m'Nyumba ya Malamulo. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko limati phungu wotere sipikala amuchotse pampando, anthu akasankhenso. A Tembo adakakamira pomwepo. Khothi la Supreme litagamula mu June 2007 kuti gawoli ndi lovomerezeka, iwo ndi anzawo a UDF adakana kukambirana bajeti mpaka nkhani ya aphunguwo ithe.

Dziko lidagawikana. Ophunzira a ku yunivesite ndi amabungwe adachita zionetsero kufuna bajeti, alimi akuda nkhawa ndi makuponi a feteleza, ndipo a Tembo adanyozedwa kwambiri pa wailesi ya boma. Bajeti idadutsa mochedwa, aphungu aja adakhalabe pamipando yawo, ndipo mu 2009 ovota adalanga MCP, ngakhale kuno ku chigawo chapakati. Kukaniza bajeti kudapweteka anthu wamba, sindikana. Koma funso lawo lidali loona: mayi amene adadzuka m'bandakucha kuzizira kwa ku Dedza kukavotera tambala wakuda, voti yake ipite ku chipani china iye osafunsidwa?

Mu August 2013 adasiyira a Lazarus Chakwera utsogoleri wa MCP pa msonkhano waukulu wa chipanicho, ndipo mu 2014 sadaimenso. Aphungu akupitirizabe kusamuka zipani nthawi ikawakomera, ndipo kawirikawiri sipikala akafuna kugwiritsa ntchito Gawo 65, wokhudzidwayo amathamangira kukhothi kukatenga chiletso.