Kuganiza kwambiri kapena matenda a m'thupi? Mafunso okhudza Friendship Bench ndi kuyezetsa kukiliniki

Amene mumapita kumakiliniki a khonsolo muno mu Harare munaonapo benchi yamatabwa panja, agogo atakhalapo ndi munthu mmodzi, akucheza motsitsa mawu. Imeneyo ndi Friendship Bench, yothandiza anthu amene ali ndi nkhawa ndi kuganiza kwambiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anzathu a ku Mabvuku, Mbare ndi Mufakose amakonda kufunsa.

Benchi imeneyi inayamba bwanji, nanga amachitapo chiyani?

Anaiyambitsa ndi Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, ku Mbare m'chaka cha 2006. Poona kuti madokotala a maganizo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, anaphunzitsa azigogo amene ankathandiza kale pa zaumoyo m'madera mwawo. Agogowa sapereka mankhwala, ndipo sakulamulani chochita. Amamvetsera, inu n'kutchula zonse zimene zikukudyani mumtima, kenako musankhe vuto limodzi loyamba nalo, mupezere limodzi njira. Mumakumana mpaka kasanu ndi kamodzi, ndipo kucheza pabenchi n'kwaulere. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016, wa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, amene anakhala pabenchi anali atapezako bwino kwambiri kuposa anzawo.

Aliyense amaganiza. Ndingadziwe bwanji kuti kwanga kwapitirira muyezo?

Lendi, fizi, maliro kumudzi ku Ntcheu pamene m'thumba muli mbee: ndani angagone tulo tabwino? Koma zikafika poti mumadzuka 3 koloko usiku tulo osabweranso, nsima ikukanika kutsika, mwana akangogwetsa kapu mwamulusira, kutchalitchi kapena kumzikiti mwasiya, mwaiwalanso chenji cha kasitomala pamsika, ndipo zatha masabata awiri tsiku ndi tsiku, pamenepo pitani kukiliniki. Ambiri a ife sitinena kuti tili ndi nkhawa. Timati mutu, timati mtima ukuthamanga, timati m'thupi mwangofooka.

Akuti amafunsa mafunso. Ndi mayeso?

Ayi. Ndi mafunso 14 otchedwa Shona Symptom Questionnaire, oyankha kuti inde kapena ayi, okhudza sabata yomwe yangothayi: tulo, maloto oipa, kulira, m'mimba, kupsa mtima, ntchito kutsalira. Ma inde akafika 9 kapena kuposa, amakupemphani kuti mukhale pabenchi. Pali mafunso awiri olemera: lofuna kudzipha, ndi loona kapena kumva zinthu zimene ena sakuziona. Mukayankha inde pamenepa, amakutumizani kwa anesi kapena adokotala. Musabise, chonde.

Ndanena kuti vuto langa ndi nkhawa. Bwanji anesi akufuna kundiyeza magazi ndi BP?

Chifukwa matenda angapo a m'thupi amavala nkhope ya nkhawa, ndipo kucheza kokha sikungawachiritse. Ine ndimati anesi amene akuyezani musanapite pabenchi akukufunirani zabwino.

Taganizirani mayi amene akutaya magazi ambiri akakhala kumwezi, kapena wangobereka kumene. Magazi akachepa, amatopa akangokwera kamtunda ndi ndowa yamadzi, mtima umagunda, mutu umazungulira, m'zikope muli mbuu. Apabanja amati ndi ulesi kapena maganizo, pamene kuyeza kamodzi kokha kukanaonetsa. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, nacho: chikamagwira ntchito mopitirira, munthu amanjenjemera manja, amatuluka thukuta, amawonda ngakhale akudya, sakhazikika. Chikamagwira mochepa, amangomva kuzizira, kunenepa, kugona ndi kusowa chimwemwe. Shuga akakwera amabweretsa ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kutopa. Akatsika kwambiri mwa munthu amene ali pamankhwala, amanjenjemera n'kusokonezeka ngati waledzera.

Palinso HIV, TB ndi chindoko chimene chakhalitsa osachizidwa, zomwe zimatha kufika ku ubongo. Ndipo ife oyendayenda tisaiwale malungo. Mu Harare muno si ofala, koma ngati mwangobwera kumene kuchokera kumudzi kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, thupi n'kutentha, auzeni anesi za ulendowo asanakufunseni n'komwe.

Nanga mankhwala amene ndikumwa kale?

Nyamulani mabotolo onse ndi kabuku kanu kakuchipatala. Efavirenz, mmodzi mwa ma ARV, amadziwika ndi maloto oopsa ndi chizungulire. Ambiri anawasinthira ku dolutegravir, amenenso ena amawasowetsa tulo. Musasiye nokha, adokotala ndiwo asinthe. Nenaninso zoona za mowa, chamba, bronco (mankhwala a chifuwa amene ena amaledzera nawo) ndi mutoriro (mankhwala osokoneza bongo). Munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kuona zinthu, ngakhale kukomoka.

Agogo athu ayamba kulankhula zosamveka kuyambira dzana. Tidikire tsiku la benchi?

Musadikire. Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi, makamaka mwa okalamba, nthawi zambiri kumachokera m'thupi: matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, shuga, sitiroko. Pakakhala kutentha thupi, khosi kuuma, mutu woopsa, pakamwa kupotoka, mbali imodzi kufooka kapena kukomoka, pezani galimoto yopita kuchipatala lero lomwe. Chimodzimodzi mayi amene wangobereka n'kuyamba kusagona ndi kulankhula zachilendo, komanso aliyense amene wanena zofuna kudzipha. Ameneyu musamusiye yekha, ndipo mankhwala a makoswe ndi a m'dimba muwabise. Zipatala za Parirenyatwa ndi Sally Mugabe zili ndi mbali yoona za matenda a maganizo.

Andiyeza zonse, akuti palibe chimene apeza. Ndiye kuti ndikunama?

Simukunama. Nkhawa payokha imapweteketsa mutu ndi m'mimba zenizeni, ndipo apa m'pamene benchi imagwira ntchito yake. Zimachitikanso kuti zonse ziwiri zilipo, shuga ndi maganizo, china chikukulitsa chinzake. Ngati mwamaliza ndi agogo koma simukusintha, kapena kwabwera chizindikiro chatsopano, bwererani kwa anesi akayezenso.