Musanalipire fizi ya MBA, dziwani udindo umene mukuufuna

Mayunivesite akangoyamba kulengeza m'nyuzipepala kuti akulandira makalata ofunsira malo, ofesi yanga imachuluka alendo. Ntchito yanga ndi yoona za anthu olembedwa ntchito pakampani ina muno mu Blantyre, ndipo obwerawo si ana ongotuluka kumene ku koleji. Ndi anthu a zaka 35 kapena 40, apabanja, ana ali pasukulu, ena akumanga ku Chileka kapena ku Machinjiri. Onse amafunsa chimodzi: ndipite ndikachite MBA, kapena ndisiye?

Ine ndimayamba ndawafunsa kuti udindo umene akuufuna ndi uti, ndipo ndani wawauza kuti chikuwatsekereza ndi pepala limeneli. Ambiri sayankha msanga. Chimene chawabweretsa ndi kutopa: akhalitsa pa giredi imodzi, mnzawo amene analowa naye tsiku limodzi wakwezedwa, malipiro sakufikanso pa 15. Kutopa kumeneku ndimakumvetsa ndipo sindikupeputsa. Koma kuwononga mamiliyoni ndi zaka ziwiri za moyo wanu popanda udindo umene mukuuona ndi maso kuli ngati kugula mbereko mwana asanabadwe.

MBA ndi digiri ya masitazi yophunzitsa kayendetsedwe ka bizinesi. Inayambira ku America, ku yunivesite ya Harvard mu 1908, ndipo cholinga chake sichinasinthe kwenikweni: kutenga munthu wodziwa ntchito imodzi n'kumuphunzitsa kuona kampani yonse. Mumaphunzira kuwerenga mabuku a ndalama, kupeza ndi kugawa mpamba, kutsatsa malonda, kutsogolera anthu, kayendedwe ka katundu kuchoka kopangira kukafika kwa wogula, ndi kukonza mapulani a zaka zingapo. Simuzama kwambiri pa chilichonse mwa izi. Mumangodziwa zokwanira kuti akauntanti, loya kapena mkulu wa zamalonda akamalankhula muzimva, ndipo muzitha kufunsa funso loyenera.

Amene amapindula kwambiri ndi katswiri wa ntchito ina amene wayamba kupatsidwa anthu ndi bajeti. Taganizirani injiniya wa pafakitale ku Makata. Makina amawadziwa bwino, ndipo tsopano amuika kuyang'anira fakitale yonse. Pamsonkhano wa mabwana akumva kuti kampani yapanga phindu chaka chino, komabe ndalama zolipira antchito pa 25 palibe. Kwa iye izi sizikugwirizana. Amene waphunzira amadziwa pokayang'ana: katundu anagulitsidwa pangongole ya masiku 90, pomwe ogulitsa zipangizo akufuna zawo m'masiku 30, ndipo ndalama zina zagona m'katundu wodzaza m'nyumba yosungiramo. Phindu lili papepala, m'banki mulibe kanthu. Injiniya ameneyu akamvetsa zimenezi amasintha kagulidwe ka zipangizo ndi kapangidwe ka katundu, ndipo mabwana amayamba kumumvera pa nkhani zimene kale ankangokhala chete. N'chimodzimodzi dokotala amene wapatsidwa chipatala, katswiri wa makompyuta ku banki, kapena wa zaulimi amene akuyendetsa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Kwa anthu otere ndimanena mosazengereza kuti pitani.

Akauntanti amene ali kale ndi mapepala a ukauntanti a ACCA kapena a ICAM adzapeza kuti gawo lalikulu la za ndalama akulidziwa kuposa mmene lidzaphunzitsidwire. Chimene angatolepo ndi za malonda ndi za anthu, ndipo ayese ngati zimenezo zikukwana mtengo wake. Amene akufuna kuzama pa ntchito yake yomweyo, kaya ndi zachuma kaya zaumoyo, masitazi a phunziro lakelo amuthandiza koposa. Mwini shopu ku Limbe amene vuto lake ndi kusunga mabuku ndi kulipira msonkho angayambe ndi kosi ya milungu yochepa.

Ndimakhala nawo pa ma intavyu, ndiye ndinene zimene pepalali limachita likafika patebulo pathu. Ngati chilengezo chanena kuti ofunsira akhale ndi masitazi, amene alibe amagwa pa kusankha koyamba, CV yake isanawerengedwe bwino n'komwe. Apa MBA imagwiradi ntchito, makamaka m'mabanki, m'mabungwe a boma ndi m'mabungwe othandiza anthu. Koma mukalowa m'chipindamo mafunso amasintha. Bajeti yaikulu imene munayendetsapo inali ya ndalama zingati? Munatsogolerapo anthu angati? Munatani pamene wantchito waluso anayamba kujomba? Masiku ano mwa anthu amene timawaitana pa maudindo akuluakulu ambiri amakhala nayo MBA, choncho siikusiyanitsaninso ndi anzanu ngati kale. Chimakusiyanitsani ndi zimene mwachita nayo. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti atole zilengezo za ntchito zimene amazilakalaka, za miyezi ingapo, aone kuti ndi zingati zikunena kuti masitazi ndi ofunika ndithu, ndi zingati zikungoti n'chowonjezera chabe.

Tsono ndalama. Muno mumzinda tili ndi yunivesite ya MUBAS ku Chichiri, imene ambiri timaitchabe Poly ngakhale inaima payokha mu 2021, ndipo ili ndi MBA imene munthu amaphunzira ali pantchito. Palinso sukulu ya ESAMI, imene likulu lake lili ku Arusha ku Tanzania, ndi sukulu zakunja zophunzitsa pa intaneti. Chinthu choyamba kufunsa ndi chakuti fizi ikulipiridwa mu ndalama yanji. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankayenera kulipira madola 1,000 anagona ali ndi ngongole ya K1.18 miliyoni, n'kudzuka ili K1.7 miliyoni, malipiro ake ali pomwepo. Onjezani vuto lopeza madolawo ku banki nthawi yolipira ikakwana. Ngati mumalandira makwacha, sukulu yolipiritsa makwacha imakupatsani mtendere umene anthu saudziwa kufunika kwake mpaka atafika pakati pa maphunziro.

Ngongole ya ku banki iwerengeni ndi pensulo musanasaine. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki akamabwereketsa munthu wamba amaikapo zawo pamwamba. Tiyerekeze kuti mwatenga K10 miliyoni pa 30 peresenti: chiwongoladzanja chokha m'miyezi yoyambirira ndi pafupifupi K250,000 pamwezi, musanabwezeko ndi tambala yomwe ya ngongoleyo. Kodi kukwezedwa kumene mukuyembekezera kudzawonjezera zochuluka chotani pa malipiro anu msonkho utachotsedwa? Yankho likakhala lochepera pamenepo, lipirani pang'onopang'ono kuchokera m'thumba, funsani ku SACCO ya kuntchito, kapena dikirani chaka mukusunga.

Kupita kunja kukaphunzira osagwira ntchito, monga ku Cape Town, ku Stellenbosch kapena ku Wits ku Johannesburg, kuli ndi ubwino wake: sukuluzi n'zodziwika ndipo mumakumana ndi anthu a m'maiko ambiri. Koma pa fizi ndi lendi wonjezerani malipiro a chaka chonse amene simudzalandira, ndi penshoni imene idzaime, ija abwana amaikako 10 peresenti inu 5. Thandizo la Chevening la boma la Britain limafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri ndiponso kuti mukamaliza mubwerere kuno kwa zaka ziwiri. Pa MBA lili ndi malire a fizi imene limalipira, yotsalayo ndi yanu.

Kulikonse kumene mwasankha, fufuzani ku National Council for Higher Education, bungwe la boma lovomereza sukulu za ukachenjede, ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati pulogalamu ya MBA yeniyeniyo ndi yovomerezeka, pakuti ziwirizi zimayendera padera. Zimandipweteka kuona munthu amene anadzimana zaka ziwiri akubwezedwa chifukwa pepala lake silikudziwika.

Kampani ikadzipereka kukulipirirani, thokozani, koma werengani bondi, lija pangano lakuti mukamaliza mudzawagwirirabe ntchito. Mudzakhala womangika zaka zingati? Mukachoka msanga mudzabweza zonse kapena za zaka zotsala zokha? Nanga akakuchotsani ntchito iwo eni? Ndipo funsani poyera ngati pali udindo umene akukukonzerani, chifukwa kulipira fizi si lonjezo la kukwezedwa.

Mtengo umene anthu amauiwala ndi nthawi. Loweruka lanu lapita, nthawi zina Lamulungu lomwe. Maliro akumudzi, zinkhoswe, misonkhano ya kumpingo, zonse zidzakusowani, ndipo achibale ena adzati mwayamba kunyada. Ntchito ya m'magulu imachitika usiku, mutaweruka, mutalimbana kale ndi mzere wa magalimoto pa Chipembere Highway. Kwa amayi katunduyu amalemera kawiri ngati kunyumba sikunakonzedwe, choncho nkhaniyi ikambidwe ndi amuna anu kapena akazi anu musanatenge fomu, mugwirizane amene azionetsetsa homuweki ya ana ndi amene azipita kumaliro. Komabe m'magulu ausiku omwewo ndi mmene muli phindu lina lalikulu. Blantyre ndi mzinda waung'ono pa nkhani ya bizinesi, ndipo amene mukulimbana naye asayimenti lero ndi amene mawa adzakutsineni khutu za ntchito isanalengezedwe. Sukulu ya pa intaneti imene simuonana ndi munthu siikupatsani zimenezi.

Ambiri amene ndawaona akutsakamira sanagwe mayeso a m'kalasi. Anaima pa kafukufuku wa kumapeto, makalasi atatha, popanda wowakumbutsa tsiku lopereka ntchito. Sankhani mutu wochokera pantchito panu pomwe, vuto limene abwana anu akufunanso yankho lake, ndipo chilolezo chogwiritsa ntchito ziwerengero za kampani mutengeretu cholembedwa chaka choyamba chisanathe.