Adyo, mandimu ndi jinja sizitsuka mitsempha ya mtima

Uthengawu umabwerabwera m'magulu a WhatsApp: wiritsani adyo, mandimu ndi jinja, thirani uchi, muzimwa m'mawa uliwonse, mitsempha ya mtima idzatseguka ndipo mankhwala a BP mutha kuwasiya. Kawirikawiri amati ndi malangizo a dokotala wina wakunja, koma dzina lake kapena chipatala chake satchula.

Limeneli ndi bodza. Mafuta otseka mitsempha amaunjikana m'kati mwa khoma la mtsempha pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo palibe chakumwa chingawasungunule. Adyo ndi wabwino m'ndiwo, basi. Choopsa kwambiri n'kusiya mankhwala. BP yokwera nthawi zambiri simveka m'thupi; munthu amayesa wachira pamene mtima, impso ndi ubongo zikuonongeka, mpaka kudzagwidwa sitiroko kapena matenda a mtima adzidzidzi.

Choteteza mtima ndi kusiya fodya, kuchepetsa mowa, kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, kusamala matenda a shuga ndi kuchepetsa mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mchere usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa m'timakyubu tokometsera ndiwo tija.

Ukakupezani uthenga wotere, funsani kuti dokotalayo ndani ndipo amagwira kuti. Ngati ukukuuzani kusiya mankhwala kapena kugula botolo lina, uonetseni kwa namwino kapena dokotala kuchipatala, mukayezetsenso BP. 140/90 kapena kuposa pamenepo ndi yokwera. Chonde musautumize kwa ena, makamaka kwa makolo amene akumwa kale mankhwala.