Katemera wa khansa ya m'mapapo: musamudikire muli kunyumba

Pa WhatsApp pamayenda uthenga wakuti ku Cuba anapeza katemera wochiza khansa ya m'mapapo. Katemerayo alikodi. Dzina lake ndi CIMAvax-EGF, anapangidwa ku Havana ndipo dziko la Cuba linamuvomereza mu 2008. Koma sali ngati wa chikuku amene timabaya ana kusikelo kuti asadwale. Uyu amabaya munthu amene khansa yamugwira kale, atamaliza chemotherapy (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa), kuti chotupa chisakule msanga. Ena amawawonjezerako miyezi ya moyo, koma khansayo saichotsa. Chipatala cha Roswell Park ku Buffalo, ku America, chinayamba kumuyesa mu 2017, ndipo mu 2024 ku London anayamba kuyesa wina wa kampani ya BioNTech, BNT116. Wa BioNTech ameneyu akadali pa kafukufuku, sali pamsika.

Palinso mankhwala a immunotherapy monga pembrolizumab ndi nivolumab, amene ku America anavomerezedwa pa khansa imeneyi mu 2015. Khansa imadziwa kuzemba asilikali a m'thupi, ndiye mankhwalawa amaiululira kwa asilikaliwo. Kawirikawiri amalowa pa diripi, ndi odula kwambiri, sathandiza aliyense, ndipo nthawi zina asilikali omwewo amatembenukira mapapo kapena matumbo a mwini wake. Choncho munthu akakubweretserani kabotolo ka "zokwezera chitetezo", si zimenezi ayi. Sungani ndalama zanu za thiransipoti yopitira kuchipatala.

Zoyambitsa mukuzidziwa: fodya makamaka, kaya ndudu ya m'golosale kaya chingambwe, utsi wa wosuta mnzanu, utsi wa kukhitchini, fumbi la m'migodi.

Chimene chikutidetsa nkhawa ife ndi kuchedwa. Khansa imeneyi imafanana kwambiri ndi TB: kutsokomola kosatha, magazi m'makhololo, kuwonda mpaka kuboola lamba bowo lina, befu pokwera kachitunda komwe kale simunkakamva. Munthu amamwa mankhwala a TB miyezi 6, osachira, n'kungokhala chete kunyumba, ena amvekere walodzedwa.

Mukatsokomola kupitirira masabata awiri, pitani mukayezetse makhololo. Akapanda kupeza TB koma chifuwa chikupitirira, bwereraninso. Mukamwa mankhwala a TB mokhulupirika koma osasintha, musawasiye panokha, bwererani mukauze adokotala, mufunse zojambulitsa chifuwa ndi kalata yopitira kuchipatala chachikulu. Chotupa chikapezeka chikadali chaching'ono, opaleshoni itha kuchichotsa. Chikafalikira ku mafupa kapena ku ubongo, ngakhale katemera wa ku Havana uja sangachibweze.

Agogo kapena bambo amene akutsokomola usiku wonse m'nyumba mwanumo, apititseni sabata ino.