Mawu akuluakulu sakhozetsa mayeso a Chingerezi

Kuyambira kale, ophunzira ambiri kuno ku Nsanje ndi Chikwawa amakhulupirira kuti katswiri wa Chingerezi ndi uja wotchula mawu ataliatali a m'dikishonale. Ndiye mupeza mnyamata ku Bangula ali pansi pa mtengo wa masawu, thukuta kamukamu, akuloweza mawu oti ngakhale aphunzitsi ake sawagwiritsa ntchito.

Wochonga sagomera zimenezo. Amaona ngati mwayankha zomwe mwafunsidwa, m'ziganizo zomveka, ndipo liwu lalikulu loikidwa pamalo olakwika limakudyerani malikisi. Pa IELTS, mayeso a Chingerezi olembedwa m'mayiko ambiri, gawo lolemba ndi mphindi 60 zokha, ndipo mwa nkhani ziwiri zomwe mumalemba, yachiwiri imafuna mawu osachepera 250. Mukamasakasaka liwu lodabwitsa, nthawi ikupita. Poyeserera, ikani wotchi pambali.