Makina aakulu kwambiri a chiller sachititsa kuti nyumba izizire bwino

Kwa nthawi yaitali, eni mahotela, zipatala ndi nyumba za maofesi akhala akukhulupirira kuti pogula chiller, makina oziziritsa madzi ogwiritsidwa ntchito poziziritsa nyumba (pano tikunena za mtundu umene umatayira kutentha mu mpweya wa kunja), ndi bwino kusankha aakulu kuposa ntchito yake kuti asadzalephere mu Okutobala. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amawonongetsa ndalama zambiri.

Makina aakulu mopitirira muyeso amaziziritsa madzi msanga n'kuzima, ndipo pakangopita mphindi zochepa amayakanso. Mukaima pafupi mumamva kompuresa ikulira, kukhala chete, kenako kuliranso, ndipo kuyaka kulikonse kumakoka magetsi ochuluka, kumasokoneza kayendedwe ka oyilo ndi kufupikitsa moyo wa kompuresayo. Komanso makinawa sagwira ntchito ndi mphamvu zonse kawirikawiri: ngakhale muyeso wa IPLV wa bungwe la AHRI la ku America, umene umaonetsa mmene makinawa amasungira magetsi, umapereka 1 peresenti yokha ku nthawi imene makina amagwira ntchito ndi mphamvu zonse, pamene theka la mphamvu limapatsidwa 45 peresenti.

Kuopa kutentha n'komveka, chifukwa mphamvu yolembedwa pa makinawa imayesedwa mpweya wa kunja uli pa madigiri 35 ndipo madzi akutuluka pa madigiri pafupifupi 7, pamene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira 40, zimene zimachepetsa mphamvuyo. Choyenera n'chakuti injiniya awerengetse kuchuluka kwenikweni kwa kutentha koyenera kuchotsedwa m'nyumbayo, wogulitsa alembe mphamvu ya makinawo pa nyengo ya dera limenelo, ndipo ngati malo alipo, pakhale makina awiri ocheperapo pamodzi ndi thanki yosungira madzi ozizira.