Mawu omaliza a kafukufuku asapyole malire a umboni

Ophunzira a chaka chomaliza m'mayunivesite ndi m'makoleji athu amathera miyezi yambiri akusonkhanitsa mfundo, koma zigawo ziwiri zimene woyesa amaziwerenga mosamala kwambiri, mawu omaliza ndi mndandanda wa magwero (mabuku ndi zolemba zimene anatengamo mfundo), kawirikawiri amazilemba usiku woti mawa akapereke ntchito. Ine ngati mlangizi wa ophunzira otere ndimamva chisoni ndikaona ntchito ya thukuta ikutaya malikisi pa masamba amene akanakonzeka ndi kudekha kwa masiku ochepa chabe.

Tiyerekeze kuti wophunzira wina anacheza ndi alimi 40 a mbatata ya kachewere ku Bembeke, kuno ku Dedza, pofuna kudziwa chifukwa chake zokolola zawo zimawola zisanafike pamsika. Ngati ambiri mwa alimiwo anadandaula za kusowa kwa malo abwino osungirako mbatata, mawu omaliza ayenera kunena zimenezo, ndiponso atchule kuti ndi alimi a dera limenelo, amene anafunsidwa pa nyengo imeneyo. Vuto limabwera pamene wophunzirayo alemba kuti alimi a kachewere m'Malawi muno amataya zokolola chifukwa chosowa mosungira, chonsecho ku Tsangano kapena ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, sanapondeko phazi, ndipo mwina kumeneko chimene chikuvutitsa alimi ndi chiwawu kapena msewu woipa m'nyengo ya dzinja. Chiganizo chotere chimaoneka champhamvu papepala, koma woyesa akafunsa kuti umboni wake uli pa tsamba liti, wophunzira amasowa choyankha.

Ntchito ya gawo lomalizali ndi kubwerera ku mafunso amene anafunsidwa m'mutu woyamba ndi kuyankha lililonse molunjika, kenako kufotokoza tanthauzo la mayankhowo kwa anthu amene nkhaniyo ikuwakhudza. Muno simulowa mfundo zatsopano kapena ziwerengero zimene sizinaonekepo m'mitu ya m'mbuyo. Wolemba avomerenso pamene kafukufuku wake walekezera, monga kuchepa kwa anthu ofunsidwa, ndipo malangizo amene akupereka achokere pa zimene wapeza. Kulemba kuti boma lichitepo kanthu sikuthandiza aliyense. Kuli bwino kunena chimene alangizi a zaulimi a m'deralo angayambe kuchita.

Tikafika pa magwero, cholinga chake chenicheni n'chakuti wowerenga athe kulondola mapazi a wolemba mpaka akafike pamene iye anatunga. Sukulu zambiri zimagwiritsa ntchito njira yotchulira magwero ya APA, imene buku lake la malamulo lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019, kapena ya Harvard, ndipo zonse ziwiri zimafuna dzina la wolemba ndi chaka mkati mwa nkhani. Mu APA, ngati olemba ali atatu kapena kuposerapo, timatchula woyamba yekha n'kuwonjezera et al. (kutanthauza "ndi ena"), ndipo mawu amene tawakopera ndendende amafuna nambala ya tsamba. Chaka chimene timalemba ndi chimene chikalatacho chinasindikizidwa: kalembera wa anthu ndi nyumba anachitika mu 2018, koma lipoti lake lalikulu la National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, linatuluka mu 2019, choncho chaka choyenera kulembedwa ndi 2019. Dzina lililonse lotchulidwa m'nkhani lipezeke pa mndandanda wa kumapeto, ndipo pa mndandandawo pasakhale buku limene silinatchulidwe m'nkhani.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chotchula mabuku amene wophunzira sanawaone n'komwe, atangowatola pa mndandanda wa munthu wina. Ngati mfundo ya wolemba wina mwaipeza kudzera mwa wachiwiri, nenani choncho, ndipo pa mndandanda muike amene mwamuwerengadi. Masiku ano vutoli lakula chifukwa mapulogalamu a pakompyuta olemba nkhani ngati ChatGPT amatha kupeka mayina a mabuku ndi a olemba amene kulibe, ndipo Turnitin, imene ntchito yake ndi kufananitsa mawu ndi zolemba zina, siitsimikizira kuti bukulo lilikodi. Wolemba ayenera kutsegula yekha gwero lililonse pa intaneti kapena mulaibulale, n'kuona ndi maso ake tsamba limene mfundoyo ili.

Pali gwero lina limene ophunzira a kuno amalinyozera, ndilo anthu. Amene akufufuza za zojambula za pa miyala ya ku Chongoni, zimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kapena mbiri ya Angoni a kwa Gomani, adzamva zambiri kwa akuluakulu a m'mudzi zimene sizinalembedwe paliponse. Malamulo a APA amalola kutchula munthu wotere mkati mwa nkhani, pamodzi ndi tsiku limene munacheza naye, ngakhale kuti salowa pa mndandanda wa kumapeto popeza wowerenga sangakapeze mawuwo pa shelefu. Koma ngati gogoyo ali m'gulu la anthu ofunsidwa amene munawalonjeza chinsinsi, dzina lake lisatuluke; mumupatse nambala kapena dzina longopeka, ndipo mufotokoze m'mutu wa njira za kafukufuku kuti munachita zimenezo atavomereza.